Makina ometera otchaja: zomwe ndaona pashopu panga

Ndili ndi kashopu kometera ku Ndirande. Makina omwe ndikunena pano ndi aja oyendera batire, otchaja ndi kawaya ka USB ngati ka foni, ndipo ndinawagula m'sitolo ina ya zamagetsi ku Limbe. Anzanga ometa akhala akundifunsa ngati n'ngolimba, ndiye ndati ndingofotokoza kamodzi.

Amene sanagwirepo ntchitoyi sangamve kuwawa kwa magetsi kuthima uli pakati pa mutu wa munthu. Mbali imodzi yayera, inayo tsitsi lili chiimire, mwini mutu akuyang'ana pagalasi kenako n'kukuyang'ana iwe. Omwe anali pabenchi amanyamuka mmodzimmodzi, "Tibweranso achimwene," koma umadziwa kuti akupita kwa mnzako wa jenereta. Likakhala Loweruka la kumapeto kwa tchuthi, makolo atabwera ndi ana oti ametedwe sukulu isanatsegulidwe, mtima umachita kuwawa mpaka nsima osaifuna. Masiku otere anachuluka kwambiri namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, ndipo m'pamene ndinayamba kulakalaka makina osadalira waya. Jenereta sindingaikwanitse, komanso petulo wake nthawi zina ndi wochita kugonera pamzere.

Pa vuto limenelo makinawa andithandiza zedi. Magetsi akathima ndimangotsika pa makina a waya, n'kutola otchajawa, mutu uja n'kutha bwinobwino. Akadzadza amanditengera mitu ingapo ya ana osatopa. N'ngopepuka, sasokosa, moti ana aang'ono omwe amalira akamva phokoso la makina akuluakulu amakhala phee. Pokonza ndevu ndi podula mizere ya pachipumi ndimawakonda kuposa a waya, chifukwa dzanja limatembenuka momasuka.

Koma mphamvu zake n'zochepa. Tsitsi lolimba, la munthu woti watha miyezi osameta, limawalemera. Batire ikayamba kutsika mano ake amayenda mwaulesi, ndiye m'malo modula amazula. Bambo wina wachikulire anandigwira dzanja tsiku lina n'kunena kuti, "Mwanawe, ukundimeta kapena ukundisosola?" Kuchokera apo, tsitsi lambiri ndimayamba ndalichepetsa ndi sizasi. Chinanso chondinyansa ndi kagalasi kosonyeza moto wotsala. Kamanama. Kamaonetsa ngati moto udakalipo wokwanira, mwadzidzidzi makina zii. Masiku ano sindikakhulupirira, ndimamvera kulira kwa makinawo. Akasintha mawu ndimadziwa kuti yakwana nthawi yowalumikiza ku power bank, yomwe ndimaisunga yodzadza m'kabati. Potchajira pakenso panayamba kugwedera patangopita miyezi yochepa, moti kawaya ndimachita kukamanga ndi kalabala.

Mano ake amatentha msanga mukameta anthu motsatizana. Apumitseni pang'ono, apukuteni ndi kaburashi, thirani sipiliti, kenako kadontho ka mafuta a makina. Mukanyozera mafutawo batire imathanso msanga, poti makina amavutika kuyenda.

Za mtengo mukafunse nokha, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zochokera kunja sizikhala pamtengo umodzi nthawi yaitali. Koma musachoke m'sitolo musanawayatse. Muonenso ngati zipeso zake zonse zilimo m'bokosi, ndipo mufunse ngati mano osinthira amapezeka, popeza ena amagulitsa makina omwe mano ake simungawapeze paliponse mu Blantyre muno.

Kwa amene akuyamba kumene ndipo ndalama ndi ya makina amodzi, ndingati agule a waya kaye. Otchajawa ndi ongothandizira. Ine ndikapeza kangachepe ndigula achiwiri, kuti ena azikhala pa moto pamene ena ali m'manja.