Acupuncture ku Cyrildene: phewa lapepuka, koma za zitsamba ndinakana

Nyenyezi: 4 mwa 5

Ndine telala, ndimasoka kuno ku Johannesburg. Singano ndimagwira tsiku ndi tsiku, koma zoti munthu andibaye nazo m'khosi ndinazikana kwa nthawi yaitali. Linandigonjetsa ndi phewa lakumanja. Kuwerama pa mashini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kunaumitsa khosi, ululu n'kumatsikira m'dzanja, moti usiku sindinkagonera mbali imeneyo. Mapiritsi opha ululu ankangondipumitsa maola ochepa.

Alamu anga ndi amene ananditengera ku kachipatala kena ka acupuncture, chithandizo cha ku China chobaya tisingano pathupi, kufupi ndi msewu wa Derrick Avenue m'dera la Cyrildene, kumene kwadzaza masitolo ndi malesitilanti a anthu a ku China. Ndisanagone pabedi ndinayang'ana kaye satifiketi pakhoma, chifukwa kuno aliyense wobaya singanozi ayenera kulembetsa ku bungwe lowayang'anira la Allied Health Professions Council of South Africa. Inalipo. Inunso muzifunsa, musachite manyazi.

Adokotala, mayi wachikulire wosalankhulalankhula, sanathamangire phewa. Anandigwira pamkono ndi zala zitatu kumvetsera mtsempha, uku ndi uku, kenako anati nditulutse lilime. Anafunsa za tulo, za chakudya, ngati ndili woyembekezera, ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Singano anazitsegula ndikuona, iliyonse m'pepala lake lomata, ndipo titamaliza anazitaya m'kabokosi ka zakuthwa. Apa mtima unakhala pansi. Ife amene tinakula tikuona mphini zikutemedwa ndi lezala limodzi banja lonse timadziwa chifukwa chake ndinkayang'anitsitsa.

N'zopyapyala kwambiri, kuposa singano iliyonse ya m'bokosi langa, pafupifupi ngati tsitsi lolimba. Polowa sumva kanthu kwenikweni. Chodabwitsa chimabwera akaipotokola pang'ono: kulemera kwina kwake, ngati dzanzi, kukuyenda m'kati mwa mnofu. Iwo amati deqi, ndipo adokotala anakondwa nditanena kuti ndakumva. Ina anandibaya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, malo otchedwa Hegu, kutali ndi pamene pankawawa. Nditafunsa anandionetsa chithunzi cha thupi la munthu lodzaza mizere ndi timadontho. Amati mphamvu yotchedwa qi imayenda m'njira zikuluzikulu 12, ndipo ikatsekeka penapake ululu umayamba; malo obaya odziwika alipo 361. Chiphunzitsochi n'chakale, chinalembedwa ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kaya qi aliko kaya kulibe, ine sindinamuone. Madokotala a kuchipatala amafotokoza zina, kuti singano imadzutsa mitsempha ndipo thupi limatulutsa mankhwala ake opha ululu. Ndinagona mphindi 25, mpaka tulo tinandiba.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri sindinaone kusintha, ndinangotopa. Ndinatsala pang'ono kuleka. Pa ulendo wachinayi m'pamene ndinadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndagonera kumanja usiku wonse. Ndinapita maulendo 6, kamodzi pa sabata. Kawiri anandiikanso makapu okoka khungu, zofanana ndi kuumika kwa nyanga kumene agogo ankachita, koma popanda kutulutsa magazi. Anandisiyira mabwalo akuda kumsana sabata yathunthu, mwana wanga n'kumafunsa kuti ndani wandimenya.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mnyamata wa pakauntala. Atamva kuti ndili ndi BP, anayamba kundikakamiza timapaketi ta zitsamba, ati ndikamwa miyezi itatu mapiritsi a kukiliniki ndidzawasiya. Zolembedwa zonse zinali m'Chitchaina, ndipo mtengo wake unkaposa wa kubayitsa komwe. Ndinakana, mapiritsi anga ndikumwabe. Adokotala eni ake sanandilonjeze zimenezo, koma ayenera kudziwa zimene zikulankhulidwa pakhomo pawo. Ndalama nazonso zimapita: ndinkalipira R450 ulendo uliwonse, kuwonjezera ya taxi, ndi madiresi angapo amenewo.

Phewa silinachire kotheratu. Ndikasoka masiku atatu osapuma limandikumbutsa, koma tsopano ndimakweza dzanja n'kutsitsa nsalu pashelefu popanda kuluma mano. Mpando ndinaukwezanso monga anandilangizira, ndiye sindingalumbire kuti zonse ndi singano. Ndasungitsa malo kumapeto kwa Novembala, maoda a maukwati a Disembala asanandiunjikire.