Pampu ya manja yofinyira mkaka, kwa ife a ana obadwa ong'ambika m'kamwa

Amayi anzanga amene muli ndi mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika, makamaka ngati zafika mpaka kumwamba kwa m'kamwa ngati wangayu, pampu ya manja ija amagulitsa m'ma pharmacy mtauni muno mu Zomba ine ndikuti gulani ngati ndalama ilipo. Koma musaganize kuti ikangolowa m'nyumba basi sikelo yakwera.

Ana athuwa vuto si bere ayi, si mkaka wanunso. M'kamwa mukakhala motseguka mpweya umathawira m'mphuno ndiye mwana amakanika kukoka, amagwira bere bwinobwino nkumaoneka ngati akuyamwa mpaka thukuta pachipumi, kenako wagona, inu mukuti wakhuta chonsecho wangotopa. Zimakaululika kusikelo. Mwana aliyense amatsikako masiku oyambirira koma pomakwana masabata awiri amayenera kubwerera pomwe anabadwira, wanga mzere wa m'buku muja unangogona osadzuka. Anamwino ndi amene anati mayi yambani kufinya muzimumwetsa ndi kakapu, maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku omwe, osachepera ka 8 pa tsiku.

Kufinya ndi manja anandiphunzitsa ndipo kumatheka ndithu popanda kulipira kanthu, koma ka 8 tsiku ndi tsiku zala zimachita kuuma, apa ndi pomwe pampu yandipumitsa. Siifuna magetsi, akathima inu mukupitiriza basi, ilibenso phokoso moti pakati pa usiku ndimafinya bambo ake osadzidzimuka. Mabere akatupa nkuuma gwa imathandizanso, bola muyambe mwathowa ndi kansalu kofunda. Komatu simaliza zonse. Ikasiya kutulutsa ndimamalizitsa ndi manja chifukwa mkaka wakumapeto uja, wokhuthala woyera kwambiri, ndi umene uli ndi mafuta ambiri, ndipo mwana wosakwera sikelo akufunika womwewo.

Zondikwiyitsa zilipo. Mkati muli kamphira koyera kakang'ono kwambiri, kakangong'ambika kapena kutayika potsuka pampu yonse yafa, siikokanso, ndipo pomwe ndinagula anandiuza kuti kapadera sagulitsa, ndigule ina yathunthu. Zoona zimenezo, ndi mmene ndalama ikuvutiramu? Chovindikira bere nachonso saizi ndi imodzi, ngati nsonga yanu ndi yaikulu imakhula m'mbali ndipo zimapweteka. Wogulitsayo mwaulemu analibe vuto koma kulumikiza kwake samadziwa, ndinakachita kuonetsedwa ndi anamwino. Botolo lomwe amaikamo ndi lothira mkaka basi, kansonga kake mwana wong'ambika m'kamwa sangakoke, musavutike nako. Alipo mabotolo ena ofewa ochita kufinya opangira ana otere, amenewo funsani kuchipatala.

Kutsuka nkwa nthawi iliyonse mukamaliza, kumasula zonse, sopo, madzi owira, chifukwa mkaka umabisala m'timakona. Mkaka wofinya pamalo wamba usapitirire maola 4, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno ku Chinamwali ine sindidikira nkomwe kuti akwane. Mu fuliji umatha masiku 4 ngati magetsi sakuthimathima.

Pomwetsa mumukhazike chilili pamwendo, kapu ingogunda mlomo wam'munsi aziphwereza yekha, osamuthira m'kamwa angatsamwe. Mkaka wina umatulukira m'mphuno, mumangopukuta nkupitiriza. Kumugeyetsa pafupipafupi poti amameza mpweya wambiri, ndipo kumwetsako kusapitirire mphindi 30 chifukwa akatopa akuwotchanso mphamvu zomwe mukumupatsazo. Kubere ndimamuikabe ndithu, khungu kwa khungu, mkaka umabwera bwino ndikatero. Apongozi mwachikondi chawo ankati timuyambitse kaphala kamadzimadzi anenepe, ndinawapempha kuti mayi tiyeni limodzi kusikelo mukamve nokha, anakamva kuti miyezi 6 yoyamba ndi mkaka mwakathithi, pano ndi iwo amandigwirira kapu.

Chomwe tikulimbikira sikelo chonchi ndi opareshoni. A Operation Smile amasoka ana otere mwaulere ndipo akhala akubwera pa Zomba Central, mlomo amasoka mwana akadali wa miyezi yochepa, kumwamba kwa m'kamwa amadikira akuleko, koma mwana wonyentchera amamubweza kaye kuti akanenepe. Wanga mzere uja wayamba kuloza kumwamba pang'onopang'ono ndipo ndikunena zoona, pampu yathandizapo, kapu ndi anamwino akusikelo ndi amene agwira ntchito yaikulu.

Mukamagula tsegulani bokosi pakauntala pomwepo muone kamphira kaja ngati kali kabwinobwino. Ndipo mwana akamanyowetsa matewera osakwana 6 pa tsiku, kapena akungogona osadzuka kuti amwe, siyani za pampu, kwerani kabaza muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.