Masiku 14 oyesera ndege mu DCS World: apa pokha wogula akupatsidwa ulemu

Mu 2020, mtundu wa Standard wa Microsoft Flight Simulator, yomwe ndi sim (pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuulutsa ndege), unkagulidwa $59.99, ndipo Premium Deluxe, yodula kuposa zonse panthawiyo, inali $119.99. Itatuluka ina mu Novembala 2024, Standard inafika $69.99, Premium Deluxe $129.99, ndipo pamwamba pake anawonjezerapo Aviator Edition ya $199.99. Apatu mwangogula sim yokha. Ndege zomwe anthu ambiri amazilakalaka zimagulidwa padera n'kuikidwa mu sim: Fenix A320 inatuluka mu Meyi 2022 pa £49.99, PMDG 777-300ER inabwera mu 2024 pa $77.73, Challenger 650 ya Hot Start ya mu sim ya X-Plane ndi $114.95, ndipo F-16C ndi F/A-18C za mu DCS World, sim ya ndege zankhondo, ndi $79.99 iliyonse. Kwa amene amalipira ndi khadi ya banki ya ku Malawi, mtengo unakweranso kachiwiri opanga asanasinthe kalikonse, chifukwa kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndege ya $80 ikudya ndalama pafupifupi K140,000 pa mtengo wa kubanki, ndipo pokhapokha banki italola kuti khadiyo idutse.

Kunena chilungamo, mtengo wa ndege imodzi sunakwere paliponse. M'masiku a sim yakale ya Prepar3D, 747 ya PMDG inkapitirira $130, kotero 777 ya lero ndi yotsikirapo. Chomwe chakwera ndi ndalama yonse yomwe munthu amawononga kuti ndegeyo iuluke momwe anaonera pa YouTube. Banja limodzi la ndege amaligawa zidutswa: 737 ya PMDG inagulitsidwa -600, -700, -800 ndi -900 payokhapayokha, ndipo Fenix inagulitsa A319 ndi A321 padera ndi A320. Kenaka pamafunika Navigraph, yopereka matchati ndi njira za ndege, yolipira mwezi ndi mwezi, poti njira za mumlengalenga ndi matchati a mabwalo zimasintha masiku 28 alionse. Pamabwera GSX Pro yokankha ndege ndi kukweza anthu, bwalo la ndege lonyamukira, lina lokaterako, ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga) yaikulu yoti zonsezi zikwanemo. Sim ikasintha, ena mwa opanga amakusamutsirani ndege yanu mwaulere, ena amalipiritsanso.

Pa ndalama zoterezi, munthu ayenera kuloledwa kuigwira ndegeyo asanalipire. Mwa masitolo onse akuluakulu, amene akuchita zimenezi mokwanira ndi Eagle Dynamics, eni ake a DCS World.

Dongosolo lawo ndi lomveka. DCS World yeniyeniyo ndi yaulere, ndipo imabwera ndi ndege ziwiri, Su-25T ndi TF-51D, komanso mapu a Caucasus. Ndege kapena mapu ogulitsa mungathe kuwayesa kwa masiku 14, chilichonse pachokha, ndipo pakatha miyezi 6 mumaloledwa kuyesanso chomwecho. Simupatsidwa chidutswa chopunguka ayi. Ndege yoyesera ndi yomweyo yomwe wogula amalandira, mabatani onse akugwira ntchito, maphunziro ake alimo, ndipo mungalowe nayo pa seva kuuluka ndi anzanu.

Kuti muyambe, tsegulani akaunti pa webusaiti ya DCS ndi kudawuniloda DCS World kuchokera pomwepo. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: ya pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya masewero a pa kompyuta, ilibe mwayi umenewu. Ngati munagula kale ndege pa Steam, mungalumikize akaunti ziwirizo n'kusamutsira zambiri mwa ndegezo ku DCS ya pa webusaiti, koma zogula pa webusaiti sizipita ku Steam. Chachiwiri, akaunti yanu iyenera kukhala ndi chitetezo cha nambala yobwera pa foni kudzera mu pulogalamu ngati Google Authenticator. Popanda chimenechi batani loyesera silikulolani. Sungani bwino nambala yachinsinsi yomwe amakupatsani poyamba, chifukwa foni ikatayika mudzavutika kulowa mu akaunti. Mukatero sankhani ndege pa tsamba la zoyesera, tsegulani sim, ndipo Module Manager idzakuuzani kuti pali chatsopano choti muike.

Masiku 14 amayamba kuwerengedwa mukangodina batani lija, osati mukamaliza kudawuniloda. Ndege imodzi si yolemera kwambiri, koma mapu ngati Syria ndi magigabaiti makumi angapo, ndipo pa intaneti yapang'onopang'ono kapena magetsi ozimazima mungataye masiku atatu mukungodikira. Dinani bandulo ili kale m'manja ndiponso malo pa SSD alipo. Musayatsenso ndege zisanu tsiku limodzi chifukwa choti n'zaulere. Zonse zidzatha limodzi musanaidziwe ngakhale imodzi, kenaka mudikire theka la chaka.

Tsiku loyamba lonse lipite ku kukonza joystick, ndodo yowongolera ndege. DCS ili ndi chizolowezi chimodzi chomwe chanamizira ndege zambiri zabwino: mukalumikiza zipangizo zingapo, monga joystick, throttle (choonjezera mphamvu ya injini) ndi mapedalo, imatha kuika pitch (kukweza ndi kutsitsa mphuno) ndi roll (kupendeketsa mapiko) pa chipangizo chilichonse nthawi imodzi. Zikatero ndege imapendekera mbali imodzi ikangonyamuka, kapena mphuno imadumpha mukakankha throttle, munthu n'kumati ndegeyo ndi yoipa. Lowani mu Controls, sankhani dzina la ndegeyo, tsegulani Axis Commands, ndipo muonetsetse kuti mzere uliwonse uli ndi chipangizo chimodzi chokha. Zotsalazo fufutani. Ngati joystick yanu imanjenjemera ili pakati, ikani deadzone (kadera kapakati komwe sim simva kusuntha kwa joystick) yaing'ono mu Axis Tune, 2 kapena 3 basi. Izi muyenera kuchita pa ndege iliyonse payokha, ndipo n'chifukwa china chosayatsira zambiri nthawi imodzi.

Kenaka yesani kompyuta yanu pamalo ovuta, osati osavuta. Dinani Ctrl yakumanja pamodzi ndi Pause kuti muone FPS, chiwerengero cha zithunzi zomwe kompyuta ikujambula pa sekondi. Mumlengalenga mopanda kanthu ndege iliyonse imayenda bwino. Chofunika kuona ndi pamene muli pansi pa bwalo lodzaza, masikirini a m'kokipiti onse ali oyaka, targeting pod (kamera yolozera chandamale) ikuonetsa chithunzi, kapena pa seva ya anthu ambiri. Pod ija imachititsa kuti kompyuta ijambule dziko kawiri, ndipo apa ndi pomwe makadi a zithunzi a memori (VRAM) yochepa amayamba kudodoma. RAM ya 16 GB imakwanira pouluka nokha, koma pa mishoni zikuluzikulu pamafunika 32 GB. Mukaona chithunzi chikuima kwa sekondi imodzi nthawi ndi nthawi, kawirikawiri vuto ndi RAM yodzaza kapena sim yoikidwa pa hard disk yakale, ndipo kugula ndegeyo sikudzathetsa zimenezo.

Masiku otsalawo ndiwo amayankha funso lomwe vidiyo singakuyankhireni: kodi ntchito ya ndege imeneyi ndiikonda? Kuyatsa F-16C zonse zili zozima kumafuna kudikira INS, chipangizo chodziwira pomwe ndege ili, pafupifupi mphindi 8 musanasunthe, pokhapokha mutagwiritsa ntchito njira yachidule ya stored heading. Ena kudikirako amakukonda, akukonza mawayilesi ndi njira. Ena amatopa tsiku lachitatu. F/A-18C imafuna kuti muphunzire masamba ambirimbiri a pa masikirini atatu komanso kutera pa sitima. Helikoputa ngati Huey kapena Mi-8 imaoneka yosatheka masiku oyamba, ndipo dzanja limazolowera patapita sabata, makamaka ngati mulibe mapedalo. Ndiye masiku 14 ndi oyenera. Ndi nthawi yokwanira kuti chisangalalo cha tsiku loyamba chizirale, muone ngati mukubwererabe ku ndegeyo madzulo. Tengani buku laulere la Chuck's Guides la ndegeyo musanayatse nthawi yoyesera, muwerenge gawo loyatsira ndi lotera, kuti masiku anu asathere pa kuwerenga.

Zofooka zilipo. Si ndege zonse za opanga ena zomwe zili pa mndandanda woyesera, kotero onani kaye musanayembekezere. Chachikulu n'chakuti kuyesa kumakuonetsani ndege momwe ilili lero, pomwe DCS imakonda kugulitsa ndege zosamalizidwa, zomwe amati early access. F-16C inatuluka mu Okutobala 2019 ilibe zida ndi machitidwe ambiri omwe anabwera patapita zaka. Choopsa kwambiri chinaoneka ndi F-15E ya Razbam: inatuluka mu 2023, ndipo mu Epulo 2024 opangawo analengeza kuti aimitsa ntchito chifukwa cha kusamvana ndi Eagle Dynamics pa nkhani ya malipiro. Anthu anatsala ndi ndege yosamalizidwa. Akuluakulu amati osagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo pano malangizo ake ndi amenewo: lipirani zomwe mwazigwira m'masiku 14 aja, osati zolembedwa pa mndandanda wa zomwe zikubwera.

Mukayerekeza ndi kwina, kusiyana kwake n'koonekeratu. X-Plane 12 ili ndi demo yaulere, koma imakupatsani malo ochepa okha ndi mphindi 15 paulendo uliwonse. N'zothandiza kudziwa ngati kompyuta yanu ikuitha sim, basi. Game Pass, dongosolo la Microsoft lolipira pamwezi, imakulolani kuyesa Standard Edition ya Microsoft Flight Simulator mwezi wathunthu pa ndalama yochepa, ndipo ndi njira yanzeru makamaka pa ya 2024, yomwe imakoka dziko ndi ndege kuchokera pa intaneti pamene mukuuluka. Mwezi umodzi udzakuuzani ngati intaneti yanu ikukwanitsa ndiponso bandulo ikutha msanga bwanji. Steam imabweza ndalama ngati simunapyole masiku 14 komanso maola awiri akusewera. M'masiku a Prepar3D, kampani ya FSDreamTeam inkalola anthu kuona mabwalo ake kwa mphindi zochepa asanagule, ndipo GSX yake inkagwira mwaulere pa mabwalo ochepa osankhidwa. Sitolo ya Flight1 inatchuka kale ndi lonjezo lobweza ndalama m'masiku 30.

Koma pa ndege zonyamula anthu zodula, zomwe ndizo zimafunika kuyesedwa kwambiri, mwayiwu kulibe. PMDG ndi Fenix sizipereka nthawi yoyesera. Ndipo maola awiri a mtundu wa Steam sangakwane ngakhale akanakhalapo, chifukwa zolakwika za ndege yotere sizioneka pa geti. Ulendo woyamba sim imatenga mphindi zingapo ikukonza mafayilo a ndegeyo, inu mukuyang'ana sikirini. IRS, yomwe imagwira ntchito ngati INS ija, imafuna mpaka mphindi 10, kulowetsa njira ya ulendo yochokera pa webusaiti ya SimBrief mu FMC, kompyuta ya m'ndege, kumatenganso nthawi. Mavuto enieni amatulukira kumapeto: VNAV (yoyendetsa kukwera ndi kutsika kwa ndege) yoyamba kutsika mochedwa n'kukufikitsani pamwamba kwambiri, autopilot yoyendayenda uku ndi uku pogwira ILS (chizindikiro cha wayilesi cholondolera ndege potera), autothrottle (throttle yodziyendetsa yokha) yochedwa kuyankha mphepo ikawomba, kapena sim kutsekeka yokha pamene bwalo lolemera likulowa mu VRAM mutauluka kale maola atatu. Zithunzi za m'sitolo sizionetsa chilichonse mwa izi. Ogula 777 ya Captain Sim mu 2021 anaona kunja kokongola, koma m'kati munali machitidwe a 747 yobwera kale ndi sim, ndege ya injini zinayi. Mphindi zisanu m'kokipiti zikanawauza zimenezo. Amene muli ku Britain musadalirenso lamulo la masiku 14 obwezera katundu: pa zinthu zodawuniloda, sitolo imakufunsani kuti muvomere kutaya ufulu umenewo musanayambe kudawuniloda.

Opanga amaopa kubedwa kwa ntchito yawo, ndipo mantha ake ndi omveka, poti ndege imodzi imatenga zaka za anthu angapo, sitolo ngati Steam n'kudulaponso 30 peresenti. Koma manthawo anafikapo poipa mu 2018, pamene zinadziwika kuti pulogalamu yoikira A320 ya Flight Sim Labs inali ndi kafayilo kotha kutenga mapasiwedi a mu Chrome, komwe kampaniyo inati kanali kogwirira akuba. DCS yasonyeza njira ina: chilolezo chimamangidwa ku akaunti, chimatha chokha tsiku lake likakwana, ndipo wogula wachilungamo saonedwa ngati wakuba. Fenix ndi PMDG nazo zili kale ndi mapulogalamu awo oikira ndege omwe amafuna akaunti, kotero sindikuona chifukwa chokwanira chomanira anthu ngakhale masiku atatu.

Pakadali pano, wofuna ndege yonyamula anthu ayambe ndi zaulere. A32NX ya FlyByWire mu Microsoft Flight Simulator idzakuphunzitsani kayendetsedwe ka Airbus, ndipo Zibo 737 mu X-Plane idzachita chimodzimodzi pa Boeing. Mukauluka maulendo khumi athunthu, kuyambira pa geti mpaka pa geti, mudzadziwa ngati ndege ya $70 idzagwira ntchito kapena idzangokhala. Sizikuuzani FPS ya ndege yogulayo, ndiye funsani kwa omwe ali ndi purosesa ndi khadi ngati yanu, ndipo muonere maulendo athunthu osadulidwa, makamaka ola lomaliza, m'malo mwa mavidiyo a tsiku lotulukira.

Mu DCS, nthawi yoyesera ikatha musathamangire kulipira mtengo wonse. Eagle Dynamics imatsitsa mitengo kangapo pachaka, ndipo ndege zake zomwe zakhalitsa zimafika theka la mtengo, kutanthauza kuti ya $79.99 imatha kupezeka pafupifupi $40. Zomwe munakonza pa joystick sizifufutika chilolezo chikatha, zimakhala mu foda ya Saved Games. Ikopereni pa flash kapena pamalo ena, yesani ndege yachiwiri pa mndandanda wanu, ndipo mugule imodzi yokha mitengo ikatsika.