Ndodo ya giya ndi handibuleki pa VW Beetle: chosintha ndi chiti, chosiya ndi chiti?

Beetle yanga ndi ya ku Uitenhage, ku South Africa, kumene Volkswagen inkapanga galimotozi kuyambira 1951 mpaka 1979. Tsiku limene ndinailiza koyamba itakhala zaka pansi pa mtengo, ndodo ya giya inkangozungulira ngati mthiko mumphika. Handibuleki nayo inkakwera mpaka kumapeto koma galimoto ikutsetserekabe. Anzanga okonda galimoto zakale anandiuza zosiyanasiyana, ena ndigule ndodo yatsopano, ena ndiike handibuleki ya mafuta. Zina ndinayesa ndekha, zina ndinaziona pa galimoto za anzangawo.

Pa Beetle giyabokosi ili kumbuyo, ndiye kuchokera pa ndodo pali chitsulo chachitali chodutsa mumpata wapakati pa galimoto kukafika kumeneko. Chitsulocho chimagonera pa kabushi ka pulasitiki pafupi ndi ndodo, ndipo kumbuyo chimalumikizana ndi giyabokosi kudzera pa cholumikizira chotchedwa coupler, chokhala ndi timalabala, pansi pa kachivindikiro kamene kali kunsi kwa mpando wakumbuyo. Ziwirizi zikatha, giya imasowa, ngakhale ndodo ikhale yodula bwanji. Kabushi kanga ndinakapeza katasweka tizidutswatizidutswa. Kukasintha ndi ntchito yofuna mtima wodekha, chifukwa chitsulo chija umachitulutsira kutsogolo kwa galimoto, kenako nkuchibweza pang'onopang'ono ndi pulayala, utachipaka girisi. Koma nditamaliza, ndodo yomwe ija ya ku fakitale inayamba kulowetsa magiya onse anayi mosakakamiza. Njira imeneyi ndiyo yotchipa kuposa zonse, ndipo mkati mwa galimoto mumaonekabe mmene munalili.

Ena amasiya ndodo yakale nkuikira kunsi kwake kachitsulo kokweza pamene ndodo imapindira, kuti dzanja lisamayende mtunda wautali. Kamagwira ntchito ndithu. Chovuta chake n'chakuti giya imalimbirapo, ndipo mukasokoneza kambale kotchinga rivesi kamene kali pansi pa mabawuti awiri a sipanala 13, mutha kukanda rivesi mukufuna giya yachiwiri.

Kenako pali ndodo zathunthu monga za makampani a Gene Berg, EMPI ndi Scat. Pa ndodo ya ku fakitale, rivesi umalowa poikanikizira pansi, pamene izi zili ndi kabatani kapena kokokera kake. Ya Gene Berg ndinaigwirako pa galimoto ya mnzanga: imalowa mwaukhondo, kuti khwatsa, popanda kufufuza. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo uyenera kuitanitsa kunja. Zotengera zotchipa zina zimayamba kulira ndi kugwedera posachedwa. Ine ndikanasankha ya Gene Berg ndikanakhala ndi injini yowonjezeredwa mphamvu. Pa injini wamba ya 1300 kapena 1600 yoyendera Lamulungu, sindikuona chifukwa chochotsera yakale.

Pa handibuleki ndi pamene mtima wanga suli pawiri. Ya ku fakitale ili ndi makebulo awiri, iliyonse yopita ku diramu lake lakumbuyo, ndipo manati osinthira ali pa ndodo ya handibuleki pomwepo, pansi pa chilabala. Ambiri amathamangira kumanga manatiwo. Yambani mwasendeza mashuzi a mabuleki m'madiramu, kenako mubwere ku makebulo, mawilo onse awiri ali m'mwamba, mpaka agwire mofanana mukakoka mano atatu kapena anayi. Ngati mukutsegula diramu, nati yake ndi ya sipanala 36 ndipo imafuna chitsulo chachitali. Yanga ndinapeza kebulo yakumanzere itauma ndi dzimbiri m'chikopa chake, ndiye wilo limodzi lokha ndi limene linkagwira.

Handibuleki ya mafuta ndi ya anthu a mipikisano, amene amafuna kutseka mawilo akumbuyo kamodzinkamodzi pokhota. Pa ntchito imeneyo imaposa makebulo kutali. Koma imadalira mafuta ndi mapaipi omwewo a mabuleki akumbuyo, choncho paipi ikaphulika, zonse ziwiri zapita limodzi. Komanso mukaisiya usiku wonse, mafuta amatha kuzemba pa timalabala mphamvu nkutsika. Taganizani galimoto mwaiimika pa chitunda cha ku Ndirande, ana akusewera kumunsi kwake. Kapena mukutsika msewu wa ku phiri la Zomba, phazi lalowa mpaka pansi: chimene chatsala m'manja mwanu ndi makebulo aja. Wofuna ya mafuta aiwonjezere pambali, yakale aisiye ikugwira ntchito.

Handibuleki ya magetsi, yokoka makebulo ndi kamota mukadina batani, imathandiza amene asintha mipando ndipo malo a ndodo palibe, kapena amene dzanja lilibe mphamvu. Batire ikafa mumakhala pa mavuto, ndipo Beetle ya 6 volts siingalandire popanda kusintha magetsi onse.

Mfundo ina ndi ya amene mukuika madisiki kumbuyo. Funsani musanalipire ngati makalipa ake (zitsulo zopana disiki) ali ndi pokoletsa kebulo, chifukwa ena alibe, ndipo makebulo a madiramu nthawi zambiri sakwana kutalika kwake. Onaninso kuti ndodo yatsopano ya giya, makamaka yopindikira kumbuyo, sikugunda handibuleki ikakhala yokoka. Khalani pa mpando, kokani handibuleki, lowetsani giya yachiwiri, yachinayi ndi rivesi, muone ngati zala zanu zikudutsa pakati.