Chitsime, mjigo kapena mpopi wochokera m'phiri: mudzi usankhe chiti?

Mudzi ukapatsidwa mwayi wa chitukuko cha madzi, anthu ambiri amathamangira kupempha mpopi, chonsecho funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti chinthucho chikadzawonongeka adzachikonze ndani, ndipo ndalama yake idzachokera m'thumba la yani.

Chitsime chotetezedwa ndicho chotsika mtengo, chifukwa eni mudzi amakumba okha, n'kuwaka njerwa m'kati, kenako n'kuvindikira ndi simenti ndi kuikapo pampu yaing'ono monga Malda. Madzi ake ndi apafupi ndi pamwamba pa nthaka, choncho zitsime zambiri zimaphwa mu Okutobala ndi Novembala, ndipo m'dzinja zimatha kulandira zonyansa zochokera m'zimbudzi zoyandikana nazo. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikira kuti chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30.

Mjigo wokhala ndi pampu ya mtundu wa Afridev umakoka madzi kuchokera pansi mpaka mamita 45, ndipo muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. Kuboola kumafuna makina ndi ndalama zimene mudzi sungasonkhe pawokha, koma ukangoima, kukonza kwake kumatheka pamudzi pomwepo. Anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa, ali ndi sipanala imodzi, amatulutsa marodi onse (zitsulo zazitali zotsika m'mapaipi kuchokera ku chogwirira) popanda kuzula mapaipi, n'kusintha timphira totha. Mjigowo umachenjezeratu usanafe: mukamapopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanatuluke, ndiye kuti valavu ya pansi ikutaya madzi usiku, ndipo chogwirira chikamagwedezekera m'mbali ndiye kuti mabushi (timapulasitiki timene chogwiriracho chimayendapo) adyeka. Zipangizo zimenezi si zodula. Chimene chimapha mijigo ndi komiti yodikira kuti madzi asiyiretu kutuluka isanayambe kutolera zopereka, pamene kachilema kakang'ono kawononga kale marodi ndi mapaipi. Kumadera ena a Chikwawa ndi Nsanje kuli vuto lina, la madzi amchere, moti amayi amausiya mjigo uli bwinobwino n'kubwerera kumtsinje.

Mipopi ya madzi otsika okha m'phiri inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, anthu akukumba okha ngalande zoyalamo mapaipi, kenako inafalikira ku Mulanje ndi kwina. Sifuna mafuta kapena kupopa, ndipo ikamayenda bwino palibe choiposa. Kufooka kwake ndi kwakuti midzi yonse imadalira paipi imodzi, moti ikaphulika kumtunda, akumunsi onse amagona ndi ludzu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mapaipi otere ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo kumene nkhalango yadulidwa, matope amadzaza matanki m'dzinja, kasupe n'kuchepa m'chilimwe. Ntchito yotere komiti ya mudzi umodzi singaithe. Imafuna bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, okonza mapaipi olipidwa ndi msonkho wa mwezi ndi mwezi.

Ine ndikuona kuti kutali ndi mapiri mjigo ndiwo woyenera, chitsime chikhale chothandizira pochapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Mafumu ndi komiti aumirire kuti oboola ayeze kuchuluka kwa madzi ndi mchere wake pampu isanamangidwe, ndiponso kuti dzina la makaniki wa m'deralo ndi sitolo yogulitsa timphira zidziwike tsiku lolandira mjigowo.