Anandigulitsa dzina la injiniya wa ndege pa mapaundi 4,500

Chithunzi chija ndinaika pa Facebook, nditaima pansi pa phiko la ndege nditavala ovolosi, chandibweretsera mauthenga oposa 30. Onse akupempha chinthu chimodzi: achimwene, tigaireni nambala ya ajenti amene anakutumizani ku UK. Nambalayo sindipatsa munthu, ngakhale mwana wa mlongo wanga, ndipo ndatopa kuyankha mmodzimmodzi.

Kumudzi ndinali wowongola magalimoto ku Ndirande, zaka 11 ndikumenya mabodi a minibasi. Mu 2023 mnzanga wa kutchalitchi anandilumikiza ndi bambo wina amene ankati amatumiza amisiri ku UK. Ataona zithunzi za ntchito yanga anati manja ngati amenewa akusowa ku England, komwe anthu akudzutsa ndege za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti ziulukenso. Pamenepo sananame. Bodza linali pa zina zonse: kuti ndikakhala injiniya, kuti nyumba ndi ya kampani, kuti pakatha zaka ziwiri ndidzakhala ndi laisensi yosainira kuti ndege ndi yoyenera kuuluka.

Mtengo wake unali mapaundi 4,500, wolipira katatu. Ine ndinkaganiza kuti zonse zili momwemo. Nditamaliza kulipira m'pamene anandiuza kuti za boma n'zapadera: viza mapaundi 625, ndalama ya chipatala mapaundi 624 pa chaka kwa zaka zitatu, yomwe ndi 1,872 yolipiriratu, kuwonjezera kuyezetsa TB, mayeso a Chingerezi ndi tikiti. Ndinali nditalowa kale m'madzi, ndikanabwerera pati? Ndinagulitsa poloti yanga ya ku Lunzu, yotsala ndinakatenga katapila.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Pa ndalama ija, mapaundi 2,000 anati ndi a kalata ya sponsa, yomwe kampani yokulemba ntchito imapereka kuti upeze viza. Nditafika kuno ndinapeza kuti nthawi imeneyo boma linkalipiritsa mapaundi 199 pa kalatayo, ndipo wolipira amayenera kukhala wolemba ntchito. 199! Komanso lamulo la kuno, lomwe lakhalapo kuyambira 1973, limaletsa ajenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. N'chifukwa chake ndalamazo amakulanditsani kumudzi komweko, pamanja, popanda lisiti, mukadali kutali ndi lamulolo.

Ndinafika mu Sepitembala. Amene ananditenga sanali eni ake a shedi ya ndegeyo, koma kampani ina yobwereketsa antchito. Nyumba ija inali kalavani kuseri kwa famu, anthu atatu, mapaundi 140 pa sabata aliyense, odulidwa pa malipiro. Galimoto yotitenga, 40. Zipangizo, 25 pa sabata mpaka zikwane 900, chifukwa masipanala a mamilimita omwe ndinazolowera sagwira pa ndege zimenezi. Mabawuti ake ndi a miyeso yakale ya Angerezi, Whitworth ndi ina yotero. Pepala linkati mapaundi 26,200 pa chaka. Akachotsa msonkho ndi zonsezi ndinkatsala ndi 215 pa sabata, ndiye kuti sabata imeneyo tagwira yonse. Ndipo patsamba lomaliza la kontilakiti, lomwe ndinasaina pabwalo la ndege ndili ndi tulo, panali mawu akuti ndikachoka zaka zitatu zisanathe ndibweze mapaundi 6,000 a maphunziro. Maphunziro ake anali vidiyo ya mphindi 40 yophunzitsa kuvala chophimba mphuno.

Miyezi isanu yoyamba sindinagwire hamala. Ndinkapala penti. Penti wakale wa ndegezi ali ndi mankhwala oipa m'mapapo, mankhwala omupalira nawo amaotcha khungu, ndipo mawotchi ena akale a kutsogolo kwa woyendetsa anapakidwa mankhwala oopsa otchedwa radium kuti aziwala usiku, moti amasungidwa pawokha ndipo sutsegula chisawawa. Mwezi wa Januwale, shedi yachitsulo, chitseko chachikulu ngati cha tchalitchi, zala zosamva kanthu. Ameneyo ndiye injiniya amene munkamusirira pa chithunzi.

Koma ndisaname, ndegeyo ndi yokoma kuiona, ndipo mmisiri aliyense akhoza kuigwadira. Inali Spitfire. Yoyamba inauluka mu Malichi 1936, ndipo zinapangidwa zoposa 20,000, koma zouluka lero n'zochepa kwambiri. Mtanda wa phiko lake ndi mapaipi a makona anayi olowetsana lina m'kati mwa linzake, ochuluka kutsinde, ochepa kunsonga, kuti phiko lizipindika pang'ono osathyoka. Mariveti ambiri akale anali osakaniza ndi magnesium, ndipo pakapita zaka amafumbutuka ngati chimanga chadyedwa ndi anankafumbwe, ndiye amachotsedwa limodzilimodzi pobowola, masauzande. Zina mwa ndege zimene amati zokonzedwa, zoona zake n'zakuti anazimanga mwatsopano. Chotsala cha kale chimatha kukhala zidutswa zochepa ndi kapuleti kokhala ndi nambala, ndipo kapuleti kameneko ndi kamene kanyamula dzina ndi mtengo. Ina inagwa pagombe la Calais ku France mu 1940, mchenga n'kuikwirira mpaka 1980. Ataimanganso, inagulitsidwa ku London mu 2015 pa mapaundi 3.1 miliyoni. Nambala ngati imeneyi ndi yomwe ajenti amakuwerengerani, ngati kuti wopala penti amagawana nawo.

Yemwe anandichotsa pa penti anali mdala wina wazaka zoposa 70, wowongola aluminiyamu chiyambire unyamata wake. Anandiona nthawi ya tiyi ndikuwongola chivundikiro cha ketulo ndi kasupuni, n'kundiitanira pa benchi yake. Tsiku loyamba ndinatenga pensulo kuti ndilembe mzere pa chitsulo, iye n'kundilanda osalankhula, kuiponya m'bini. Chakuda cholembera cha m'pensulo chimayambitsa dzimbiri pa aluminiyamu. Tsiku lachitatu ndinabowola riveti, dirilo n'kuterereka pang'ono, bowo n'kukula mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Ku Ndirande tikanangopaka fila, penti pamwamba, kasitomala n'kupita akumwetulira. Mdalayo anaika chala pabowolo, anandiyang'ana, n'kulemba chizindikiro chofiira pa chidutswa chonsecho, ntchito ya masiku atatu. Anangoti munthu adzakhala m'menemo. Ndinapita kuchimbudzi kukapukuta maso, bambo wa ana atatu.

Kumenekonso chida chilichonse chili ndi malo ake ojambulidwa pabolodi. Tsiku lina kadirilo kakang'ono ngati singano kanasowa, ndipo palibe anaweruka mpaka 8 koloko usiku, tonse chokwawa ndi matochi, chifukwa kakatsalira m'phiko kakhoza kutsekereza zingwe zowongolera ndege ili m'mwamba. Maola amenewo kampani yathu ija sinatilipire.

Za laisensi iwalani. Kuti munthu apeze laisensi ya boma yosainira ndege amalemba mayeso ambirimbiri, kenako amaonetsa zaka zitatu mpaka zisanu za ntchito yolembedwa m'buku ndi kusainidwa. Satifiketi yanga ya Grade 1 anaiyamikira, koma sanaiwerengere n'komwe. Ndege zankhondozi zimauluka ndi chilolezo chapadera cha CAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, ndipo osaina ndi anthu ochepa amene akhala m'ntchitoyi zaka makumi. Iwe umapanga, wina amayendera, wina amasaina.

Ndiye panabwera chimene palibe anandichenjeza. Ntchito imeneyi imayenda ndi thumba la munthu mmodzi. Kumanga ndege imodzi kumatenga zaka, ndipo mwini wake akatopa, kapena bizinesi yake ikagwedezeka, amangosiya kutumiza ndalama. Yathu anaiphimba ndi nsalu Lachisanu lina mu 2024. Eni shedi anasunga anthu awo, ife obwerekedwa tinauzidwa kuti Lolemba tisabwere. Sponsa akakusiya, boma limakupatsa masiku 60 kuti upeze wina kapena unyamuke. Ajenti uja ndinamuimbira ka 14. Atayankha anati angandipezere pena ndikamupatsa 3,000 ina. Kampani nayo inatumiza kalata yofuna 6,000 yawo ija, chonsecho ondichotsa ndi iwo. A ku bungwe lolangiza anthu la Citizens Advice, omwe salipiritsa, ndi amene anandithandiza kulemba yankho, ndipo kalata yachiwiri sinabwere. Katapila uja ndinamumaliza chifukwa cha tsoka la anthu ena: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, timapaundi tanga tinayamba kulemera kumudzi. Sindinyadira zimenezo.

Mdala uja ndi amene anandipatsa nambala ya mayi wina, ajenti wa amisiri a zitsulo. Ndinapita nditakonzeka kumva mtengo. Mayiyo anayamba n'kundiuza kuti iye amalipidwa ndi wolemba ntchito, ine ndisatulutse ngakhale khobidi. Kenako anafufuta mawu akuti injiniya pa CV yanga ine ndikuona, n'kunena kuti ndine wowongola zitsulo wabwino yemwe wakhudza ndege kwa miyezi yochepa, ndipo tikalemba zoposa pamenepo adzandigwira tsiku loyamba. Anatsegula mndandanda wa boma wa makampani ololedwa kukhala sponsa, womwe uli pa intaneti ulele, n'kundionetsa kuti mwa mashedi asanu ndi limodzi omwe ankawadziwa, awiri okha ndi amene analipo. Anandiuzanso kuti mwayi wanga ndi wochepa ndipo ndiyambe kufunsa mtengo wa tikiti. Ndinamukwiyira tsiku limenelo. Pa tsiku la 47 anandipezera mayeso: chidutswa cha aluminiyamu, makina a mawilo awiri opindira chitsulo, maola anayi. Ndinapambana chifukwa cha zimene mdala uja anandikalipira.

Pano ndili m'kashopu ka anthu asanu ndi anayi, ndimapanga zophimba injini ndi tizidutswa ta mapiko. Lendi ndimalipira ndekha kwa mwini nyumba yemwe si bwana wanga. Tsiku lina ndinaima pafupi akuliza injini ya Merlin, yoyendetsa Spitfire, masilinda 12, malita 27, chifuwa changa n'kumanjenjemera ngati ng'oma. Ndinakumbuka agogo anga omwe anapita ku Burma ndi gulu la asilikali la King's African Rifles, mmene ankayeserera kulira kwa ndege pakhonde ife n'kumaseka. Kukwera sindinakwerepo. Ya mipando iwiri, theka la ola ndi pafupifupi mapaundi 3,000.

Tsopano inu amene mukufuna kugulitsa minibasi kapena munda wa amayi anu, tamverani. Khomo lomwe ndinalowera ine linatsekeka. Kuyambira Epulo 2024 malipiro ofunika kuti munthu watsopano apatsidwe viza ya ntchito anakwera kufika mapaundi 38,700, mu Julaye 2025 anafika 41,700, ndipo ntchito zambiri zamanja zinachotsedwa pamndandanda. Ya chipatala ija pano ndi 1,035 pa chaka, munthu mmodzi. Ndi shedi iti ingalipire wopala penti 41,700? M'malo ambiri osungira ndege zakale muli azibambo opuma pantchito, ena anali m'gulu la nkhondo la m'mlengalenga, omwe amabwera ndi masangweji awo kudzagwira ulele chifukwa chongozikonda. Mukuganiza kuti akusowa munthu wochokera ku Ndirande mpaka atumize ajenti ku Blantyre? Mumandiuza kuti Mulungu adzatsegula njira. Inenso ndimapemphera, koma anzanga awiri a m'kalavani muja, mmodzi anabwerera kwawo ali ndi ngongole, winayo ali kuno opanda mapepala, akutsuka magalimoto ndipo amazimitsa foni akazi ake akaimba.

Wina akakutchulirani mtengo wa kalata ya sponsa, nyamukani pampando. Akakana kutchula dzina la kampani kuti mukaione pamndandanda wa boma, nyamukani. Akanena kuti nyumba ndi ya kampani, funsani kuti adzadula zingati pa sabata ndipo alembe. Tsamba lomaliza la kontilakiti muliwerengere kunyumba, masana, ndi munthu wina wodziwa Chingerezi kuposa inu.

Sabata yatha mlamu wanga ananditumizira chotsatsa chomwe chikuzungulira m'magulu a pa WhatsApp. Akufuna amisiri khumi, mtengo wafika 6,500. Pamwamba pake pali munthu wovala ovolosi, waima pansi pa phiko la ndege, akumwetulira. Ndine ameneyo. Anachitenga pa Facebook panga osandipempha, ndipo pansi pake alemba kuti injiniya.