Generations: The Legacy, Uzalo ndi Skeem Saam: kodi madzulo ano tizionera iti?

Kwa ife amene tinakula tikuonera Generations pa madikoda aulere aja, SABC isanatsekedwe kwa oonera a kunja kwa South Africa mu 2013, nthawi ya 8 koloko madzulo inali yopatulika, moti kwathu nsima inkaphikidwa msanga kuti aliyense akhale atasamba m'manja nyimbo yotsegulira isanalire. Lero ambiri a ife tili kuno ku Joni, SABC1 tikuipeza mosavuta, koma funso limene timafunsana ndi lakuti kodi seweroli likadali loyenera kulipatsa theka la ola tsiku lililonse, poti pali Uzalo ndi Skeem Saam pa kanema yemweyo.

Mphamvu ya Generations yakale, imene Mfundi Vundla anayambitsa dzikolo likutuluka mu ulamuliro wa tsankho, inali yakuti inkaonetsa anthu akuda akuyendetsa makampani otsatsa malonda, akukangana pa nkhani za makasitomala ndi cholowa cha banja la a Moroka. Munthu unkaphunzirapo kanthu poona Karabo Moroka akulankhula pamsonkhano wa kampani, ndipo ukali wa Sibusiso Dlomo, amene malemu Menzi Ngubane ankamusewera mwaluso, unali ndi gwero lake lomwe tinkalidziwa. Zonsezi zinaduka mu Ogasiti 2014, pamene ochita sewero 16, kuphatikizapo Ngubane ndi Sophie Ndaba, anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino, gawo la ndalama za magawo obwerezedwa, ndi makontrakiti a zaka zitatu. Seweroli linaima miyezi iwiri, n'kubwerera pa 1 Disembala ndi dzina la The Legacy, nkhani italumphitsidwa zaka 20.

Kulumpha kumeneko ndiko kunalipha mtima. Anthu amene tinakhala nawo zaka zambiri anangozimiririka popanda kutsanzika, ndipo olemba, posowa mizu yoti agwirepo, anayamba kudalira mfuti, kubedwa kwa anthu ndi ziwembu zosatha kuti oonera asachoke. Kubwerera kwa Connie Ferguson, amene ankasewera Karabo, kunatitonthoza pang'ono, koma iye anachokanso mu 2016, ndipo ngakhale Vusi Kunene ankasewera Jack Mabaso mogometsa, munthu mmodzi sangasenze denga lonse. Ndimamva chisoni kunena kuti masiku ano ukhoza kujomba milungu iwiri, n'kupeza kuti palibe chimene wataya.

Uzalo, imene inayamba mu Febuluwale 2015, ndiyo inalanda Generations mpando wa sewero loonedwa ndi anthu ambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Inayamba ndi nkhani yogwira mtima ya makanda awiri osinthanitsidwa kuchipatala, wina n'kukulira kwa abusa a Mdletshe, wina kwa a Xulu, banja lodya za umbava, m'dera la KwaMashu ku Durban. Chizulu chake n'chokoma ndipo khutu la Mmalawi limatolamo mawu angapo. Komabe amene akuthawa mfuti za The Legacy sapeza mpumulo kumeneku, pakuti nkhani ya makanda ija itatha, kuba galimoto ndi kuphana zinasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Ine mtima wanga uli pa Skeem Saam, sewero la Winnie Serite lomwe linayamba mu 2011 ndipo ndilo linagwirizira malo a Generations m'miyezi iwiri ija. Nkhani yake ili ku Turfloop m'chigawo cha Limpopo, ndipo inayamba ndi anyamata atatu, Tbose, Kwaito ndi Katlego, amene anatenga galimoto mozemba n'kugunda munthu. Anyamatawo takula nawo, tawaona akulemba mayeso, akusaka ntchito, akukwatira, ndipo cholakwa chimene munthu anachita kalekale chimamutsatabe, monga zimakhalira pamudzi. Tsiku lina ndikuonera ndi mlamu wanga, MaNtuli, mayi a Kwaito, akukalipira ana ake kukhitchini, iye anangoika kapu ya tiyi pansi n'kunena kuti, "Alamu, awatu ndi amayi anga enieni." Palibe gawo la The Legacy limene linamulankhulitsapo choncho.

Chovuta chake n'chakuti Chipedi n'chachilendo kwa ambiri a ife, choncho maso sachoka pa mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, ndipo nthawi zina nkhani imayenda pang'onopang'ono kwambiri moti wosapirira amatopa. Nalonso layamba kulowetsa zaupandu apo ndi apo, zimene zikundidetsa nkhawa. Koma ngati muli ndi theka la ola lokha mukaweruka kuntchito, makamaka ngati mumaonera pamodzi ndi ana, ndikukulangizani kuti mulipereke kwa Skeem Saam, ndipo Uzalo ibwere pambuyo pake ana akapita kukagona.